Zaka 36 mu ligi imodzi yapansi: anthu a ku Rochdale amapirira bwanji?

Mlendo_ku_Dale
Abale anga okonda mpira, ndithandizeni kumvetsa. Ndikukhala ku Rochdale, tauni yomwe ili makilomita pafupifupi 16 kumpoto kwa Manchester. Kuno kuli timu yotchedwa Rochdale AFC, eni ake amangoti Dale, ndipo bwalo lake ndi Spotland. Timuyi inalowa mu Football League mu 1921, koma chilowereni sinapondeko mu ligi yaikulu ngakhale yachiwiri. Kuyambira 1974 mpaka 2010 inakhala mu ligi yachinayi osakwera osatsika, mpaka masapota a matimu ena anayamba kunena kuti ligiyo ndi ya Rochdale. Mu 2023 inatulukiratu mu Football League itakhalamo zaka 102.

Kuntchito kwathu kuli bambo wina wachikulire amene saphonya masewero a pakhomo, kaya kukugwa mvula kaya chisanu. Old Trafford ndi Etihad zili pafupi, ulendo wake sukwana ola limodzi, koma iye safuna n'kumva komwe. Ine sizikundilowa m'mutu. Kodi chimenechi ndi chikondi kapena kungozolowera mavuto? Nanga chinalakwika n'chiyani kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chithereni timu ikhale ili pansi pomwepo?

Wa_ku_Ndirande
Achimwene, mukufunsa ngati simunakulire kwathu kuno. Maule akagonja mumasamukira kwa neba?

Mlendo_ku_Dale
Akulu, Maule amatenga zikho. Kupirira chaka chimodzi kapena ziwiri n'kosiyana ndi kupirira moyo wonse. Bamboyu anabadwa timu ili pansi, wamera imvi ili pansi.

MphunzitsiWopuma
Funso lachiwirilo ndilo ndiyambe nalo, chifukwa mukadziwa momwe zidayendera, loyambalo lipepuka.

Nkhondo itangotha, anthu ku England adali ndi njala ya mpira. TV idali m'nyumba zochepa, galimoto n'zosowa, ndipo munthu akaweruka ku fakitale Loweruka masana ankapita ku bwalo lomwe lili pafupi ndi kwawo. Mu December 1949 anthu 24,231 adadzaza Spotland kudzaonera masewero a FA Cup ndi Notts County, ndipo chiwerengero chimenecho sichidapyoledwe mpaka lero. Nthawi imeneyo Rochdale idali tauni ya mafakitale opota thonje, ndipo ndalama ya pakhomo inkachokera m'matumba a anthu a m'mafakitalewo.

Tsono kuyambira zaka za m'ma 1950 mafakitale a thonje a ku Lancashire adayamba kutsekedwa imodziimodzi, chifukwa nsalu zotchipa zinkabwera kuchokera kunja. Ntchito zikamatha, oonera mpira nawo amachepa. Mu 1958 akuluakulu a ligi adaphatikiza ligi yachitatu ya kumpoto ndi ya kummwera. Matimu ochita bwino adapanga ligi yachitatu ya dziko lonse, otsalawo adapanga yachinayi. Rochdale idalowa nawo yachitatu chifukwa cha ntchito ya kochi Harry Catterick, koma chaka chomwecho iye adapita ku Sheffield Wednesday, kenako ku Everton komwe adakatenga ligi mu 1963 ndi 1970. Timu yomwe adaisiya idathera pansi penipeni mu 1959 n'kutsika. Onani kuti kusinthaku kudawonjezeranso maulendo: kale ankangozungulira kumpoto konkuno, tsopano ayenera kukafika kummwera kwenikweni, kulipira sitima ndi malo ogona.

Nkhonya ina idabwera mu 1961. Kufikira chaka chimenecho lamulo linkaletsa kulipira wosewera ndalama yoposa mapaundi 20 pa sabata, kaya asewere ku Manchester United kaya kwina. Osewera motsogozedwa ndi Jimmy Hill adalimbana nalo lamulolo mpaka lidachotsedwa, ndipo Johnny Haynes wa Fulham adayamba kulandira mapaundi 100. Kwa osewera chidali chilungamo, sindikukana. Koma kwa timu yosauka zidatanthauza kuti wosewera aliyense wooneka bwino sungamusungenso. Onjezani apo galimoto ndi TV: mnyamata wa ku Rochdale tsopano akhoza kukaona George Best ndi Denis Law ku Old Trafford, kapena kuwaona pa Match of the Day yomwe idayamba mu 1964. Mwana ameneyo mumubweza bwanji ku Spotland?

Chitsulo_cha_Njanji
Aphunzitsi, ndakumvani, koma nkhani ya thonjeyi isakhale chobisalirapo. Burnley ndi tauni ya thonje, yaing'ono kuposa Rochdale, koma inatenga ligi mu 1960. Blackburn inatenga Premier League mu 1995. Wigan inalowa mu ligi mochedwa, mu 1978, koma mu 2013 inanyamula FA Cup. Onsewa ali mu chigawo chomwecho, mvula yake yomweyo. Timu ikakhala pansi zaka 36, oyendetsa ake ayankhepo.

MphunzitsiWopuma
Mwatchula matimu atatu, tiwaone bwino. Blackburn idakwezedwa ndi chuma cha Jack Walker, mwana wa m'tauniyo yemwe adalemera ndi malonda a zitsulo. Wigan idakwezedwa ndi Dave Whelan wa masitolo a zovala zamasewero. Chotsani anthu awiriwa muone ngati zikhozo zikadabwera. Burnley ndiye ina: idali m'gulu la matimu 12 omwe adayambitsa ligi mu 1888, ndiye mizu yake idazama anthu asadagawikane. Rochdale idakhazikitsidwa mu 1907, pamene tauniyo idali kale ya ragibe. Rochdale Hornets idali m'gulu la matimu omwe adayambitsa ragibe ya kumpoto mu 1895. Kumadzulo kwake kuli Bury yomwe idali itatenga kale FA Cup mu 1900 ndi 1903, cha kummwera kuli Oldham. Dale idabadwa mochedwa, anthu atasankha kale kokhala.

Oyendetsa adalakwitsa zina, inde. Koma adalibe poyambira.

Chitsulo_cha_Njanji
Ndiye mukundivomereza kuti popanda bwana wa ndalama mpira sungayende.

Nachisale_ku_Leeds
Mwathamangira ku ndalama nonse, mwadumpha munthu amene ine ndimaiwerengera ulemu timu imeneyi chifukwa cha iye. Mu 1960 Rochdale inalemba Tony Collins kukhala kochi wamkulu. Collins anabadwira ku London mu 1926, mayi ake mzungu, bambo ake munthu wakuda, ndipo ndiye anali munthu wakuda woyamba kutsogolera timu mu Football League. Taganizani, 1960! Kwathu tinali tisanalandire ufulu, ku England komweko munthu wakuda ankakanizidwa nyumba ya lendi, koma katimu ka pansi kameneka kanamupatsa makiyi.

Ndipo sanamupatse mwachifundo ayi, ntchito ankaidziwa. Mu 1962 anaifikitsa Rochdale mu fainolo ya League Cup. Panjira anatulutsa Southampton ndi Charlton, ndipo mu semifainolo anatulutsa Blackburn Rovers ya mu ligi yaikulu. Mu fainolo anakumana ndi Norwich City, anagonja 3-0 pakhomo ndi 1-0 koyenda. Inali timu yoyamba ya ligi yachinayi kufika fainolo ya chikho chachikulu, ndipo panadutsa zaka 51 kuti ina ichitenso zomwezo, Bradford City mu 2013. Collins anakhala mpaka 1967, kenako anakagwira ntchito yosaka osewera ku Leeds United ndi ku Manchester United. Anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94.

Mpaka lero makochi akuda ku England ndi owerengeka. Ndikaona zimenezi ndimati anthu a ku Spotland ali ndi chowanyaditsa chimene matimu ambiri a zikho alibe.

Wa_ku_Ndirande
Achemwali, izi ndiye sindinkazidziwa. Dzina limeneli liyenera kumatchulidwa.

Dzungu_la_Dedza
Tisakokomeze. League Cup ya nthawi imeneyo inali yatsopano, matimu angapo akuluakulu ankakana kulowa nawo. Fainolo yake sinkaseweredwa n'komwe ku Wembley.

Nachisale_ku_Leeds
Blackburn inakana? Inalowa, ndipo inatulutsidwa. Munthu amasewera ndi amene wabwera pabwalo.

Mlendo_ku_Dale
Bambo uja amakonda kutchula 1969, nkhope yake imawala. Kunachitika chiyani?

MphunzitsiWopuma
Ndicho chaka chomwe timuyi idakwera koyamba m'mbiri yake. Idathera pa nambala 3 mu ligi yachinayi pansi pa Len Richley, ndi osewera ambiri omwe adasonkhanitsidwa ndi Bob Stokoe, yemwe pambuyo pake adatenga FA Cup ndi Sunderland mu 1973. Adakhala zaka zisanu mu ligi yachitatu, ndipo mu 1971 adagonjetsa Coventry City ya ligi yaikulu 2-1 mu FA Cup.

Koma kugwa kwake kudali koopsa. Mu 1973-74 adapambana masewero awiri okha mwa 46. Chaka chimenecho ku Britain kudali mkangano wa ogwira ntchito m'migodi ya malasha, magetsi ankaperekedwa mopimira, mafakitale ankagwira masiku atatu pa sabata, ndipo kuyatsa magetsi a pabwalo kudaletsedwa. Masewero ndi Cambridge United mu February 1974 adaseweredwa masana a tsiku la ntchito, ndipo adabwera anthu 588 okha. Kuchoka pa 24,231 kufika pa 588 m'zaka zosakwana 25. Apa mpamene zaka 36 zija zidayambira.

Dzungu_la_Dedza
Tsono apa mpamene ine ndimakwiyira. Anthu amati Rochdale "sinatsike" kwa zaka 36 ngati ndi luso. Sinatsike chifukwa kunalibe kotsikira! Kufikira 1986 matimu anayi otsiriza mu ligi yachinayi sankatuluka. Ankapita ku msonkhano wa pachaka kukapempha kuti awavotere abwerere, ndipo ovotawo anali anzawo a mu ligi momwemo. Lero ndikuvotera, mawa undivotera. Hartlepool inapempha ka 14 ndipo sinakanidweko. Matimu a kunja kwa ligi, ngakhale apambane bwanji, ankangoyang'anira pa zenera.

Rochdale inathera pansi penipeni mu 1978, koma amene anachotsedwa ndi Southport, kuti Wigan ilowe. Inatheranso pansi mu 1980. Chaka chimenecho Altrincham inali itatenga ligi ya matimu a kunja, timu yabwino kwambiri. Povota Rochdale inapeza mavoti 26, Altrincham 25. Voti imodzi! Ndipo zimanenedwa kuti nthumwi ziwiri zomwe zinalonjeza kuvotera Altrincham sizinavote, wa Luton anafika mochedwa, wa Grimsby anakhala malo olakwika m'chipindamo. Altrincham inatenganso ligi yawoyo chaka chotsatira, koma mpaka lero sinalowepo mu Football League. Mukamamvera chisoni anthu a ku Rochdale, muwakumbukirenso a ku Altrincham omwe analandidwa pakamwa.

Mai_a_Mapasa
Apa ndagwirizana nanu achimwene. Mwana amene wakhoza mayeso ndiye apite kutsogolo. Kumusiya chifukwa wolepherayo ali ndi abale mu komiti si chilungamo.

MphunzitsiWopuma
Dongosololo lidali loipa, ine sindiliteteza. Koma musaganize kuti kwa matimu a pansiwo kudali kugona tulo. Gateshead idachotsedwa mu 1960 isadathere n'komwe pansi penipeni. Bradford Park Avenue idachotsedwa mu 1970, Barrow mu 1972, Workington mu 1977, Southport mu 1978. Onani mayinawo: onse ndi a kumpoto, ambiri m'matauni omwe mafakitale ake ankafa, ena ali kutali komwe anzawo ankadandaula ndi ulendo. Olowa m'malo mwawo, kupatula Wigan, adali Peterborough, Cambridge, Hereford ndi Wimbledon. Ligi inkasamukira komwe kuli ndalama. Accrington Stanley ndiye sidadikire n'kuvota komwe, idagwa ndi ngongole mu March 1962 ligi ili mkati.

Ndiye sapota wa Dale wa zaka zimenezo ankalowa mwezi wa June asakudziwa ngati mu August adzakhala ndi timu. Kuchotsedwa masiku amenewo kudali pafupi ndi imfa, chifukwa njira yachindunji yobwererera padalibe. Barrow idadikira zaka 48, idabwerera mu 2020.

Komanso achimwene a ku Dedza, kutsika kwachindunji kudayamba mu 1987, Lincoln City ndiyo idayamba kugwa. Kuchoka apo Rochdale idakhalabe zaka zina 23 mu ligi yachinayi popanda voti yoiteteza. Zimenezo idadzigwirira yokha pabwalo.

Dzungu_la_Dedza
Zaka 23 zimenezo ndazivomera. Za 1980 sindidzazivomera.

Mwana_wa_Kopala
Ba Mphunzitsi, nkhani ya mafakitale yandikhudza chifukwa ife ku Copperbelt tinaiona ndi maso. Matimu athu anali a migodi: Nkana, Nchanga Rangers, Roan United, Mufulira Wanderers. Mgodi unkalipira osewera, kusamala bwalo, kupereka basi. Mufulira Wanderers ndiyo inatulutsa Samuel Ndhlovu, Kalusha Bwalya ndi Charles Musonda. ZCCM, kampani ya boma ya migodi, itagulitsidwa cha m'ma 2000, eni atsopano sanaone mpira ngati udindo wawo monga kale, ndipo Mighty Mufulira Wanderers yeniyeniyo inatsika n'kukhala zaka zambiri mu Division One. Atate anga ankapitabe ku bwalo la Shinde, kukaona timu ikusewera ndi matimu omwe kale sankayerekeza n'kuima nawo. Ankati ukasiya kupita ndiye kuti wavomera kuti tauni yatha.

Wa_ku_Ndirande
Kwathu kuno n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa. MDC United inali timu yoopsa, koma kampani yake itatha timunso inatha. Bullets ndi Wanderers zasintha mayina kangati potsata othandiza? Bata, Bakili, Nyasa. Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Zinapulumuka chifukwa zili ndi anthu ambiri kumbuyo. Koma timu yaing'ono ikatuluka mu Super League n'kupita ku ligi ya m'chigawo, kawirikawiri wothandiza amachoka, osewera amabalalika, chaka chachiwiri simuimvanso.

Chitsulo_cha_Njanji
Vuto lathu ndi la ndalama za pageti. Anthu amadzaza bwalo koma zomwe zimafika ku timu n'zochepa. Tikanakonza pamenepo matimu sakanadalira munthu mmodzi.

Mai_a_Mapasa
Ndi mabwalo omwe. Timu yopanda bwalo lakelake ilibe pakhomo. Lero ili uku, mawa ili uko, mwana wa m'deralo aikonda bwanji?

Kaphiri_Kamodzi
Abale, tachoka ku Rochdale tafika ku Chichiri. Koma poti mwatchula kwathu, dziwani kuti ligi za pansi za ku England zinadyetsapo mwana wobadwira ku Mzuzu, Tamika Mkandawire. Anali wotchinga kumbuyo ku Hereford United pamene inabwerera mu Football League mu 2006, kenako anasewera ku Leyton Orient ndi Millwall. Hereford yomweyo imene inalowa m'malo mwa Barrow mu 1972. Nayonso inadzatha ndi ngongole mu 2014, masapota n'kuyambitsa ina.

Mfundo ya Mai_a_Mapasa ndiyo itibwezere ku nkhani. Ngakhale Rochdale inavutika ndi bwalo lake. M'zaka za m'ma 1980 ngongole zinaipana kwambiri, ndipo chimene chinathandiza ndi kugwirizana ndi a ragibe: Hornets inagulitsa bwalo lake n'kusamukira ku Spotland mu 1988, khonsolo ya tauni n'kulowapo. Adani akale aja anayamba kudyera mbale imodzi kuti onse akhale ndi moyo.

Mlendo_ku_Dale
Nanga anatulukamo bwanji mu 2010?

Kaphiri_Kamodzi
Anayamba agogoda kangapo. Mu 2002 anafika mu ma play-off koma anatulutsidwa ndi Rushden & Diamonds, timu ya bwana wa nsapato za Dr. Martens yomwe lero kulibe. Kumapeto kwa 2006 anapatsa udindo Keith Hill, yemwe anali wosewera wawo wakale ndipo ankaphunzitsa achinyamata. Hill anasintha kaseweredwe, timu inayamba kusewera mpira wapansi wopita kutsogolo. Mu 2008 anafika ku Wembley koyamba m'mbiri yawo, anagonja 3-2 ndi Stockport County. Mu 2009 anatulutsidwa ndi Gillingham. Kenako pa 17 April 2010 anagonjetsa Northampton 1-0 pa Spotland, chigoli cha Chris O'Grady, n'kukwera. Zaka 41 chikwerereni komaliza. Munthu amene anali ndi zaka 10 mu 1969 anali ndi zaka 51 tsiku limenelo.

Anatsika mu 2012, Hill atachoka kupita ku Barnsley. Anabwerera, anawakwezanso mu 2014, ndipo mu 2015 anathera pa nambala 8 mu League One, dzina latsopano la ligi yachitatu, pamwamba kuposa chaka china chilichonse chiyambire 1958.

Chitsulo_cha_Njanji
Ndipo taonani osewera omwe anadutsa pamenepo: Grant Holt, Rickie Lambert, Glenn Murray, Adam Le Fondre, Craig Dawson. Onsewa anakasewera Premier League, Lambert mpaka anavala jezi ya England ndi ya Liverpool. Akanawasunga pamodzi bwenzi timu ili kutali. Koma aliyense akangoyamba kumwetsa zigoli, wagulitsidwa. Ndi zimene ndikunena, oyendetsa analibe masomphenya.

Kaphiri_Kamodzi
Akulu, muwasunga ndi chiyani? Bwalo lolowa anthu pafupifupi 10,000 koma obwera nthawi zambiri ndi 2,000 kapena 3,000. Ndalama ya Holt ndi ya Murray ndiyo inkalipira malipiro a ena onse ndi magetsi. Kale ndalama za TV zinkagawidwa kwa matimu onse 92, koma Premier League itadzipatula mu 1992 zambiri zinatsalira kumwamba. Timu ngati Dale inatsala ndi njira imodzi: kupeza mnyamata wotchipa, kumukonza, kumugulitsa.

Mukufuna kuona amene anakana njira imeneyo? Pitani makilomita ochepa kumadzulo. Bury inagula osewera odula ndi ndalama zomwe inalibe. Inakwera mu 2019 osewera asakulandira malipiro, ndipo mu August chaka chomwecho inachotsedwa mu Football League itakhalamo zaka 125. Bwalo lake la Gigg Lane linatsekedwa. Masapota a Rochdale ndi a Bury samwerana madzi, koma ambiri a Dale anamva chisoni, chifukwa ankadziwa kuti zikanatha kukhala iwowo.

Chitsulo_cha_Njanji
Koma mapeto ake onse awiri anatuluka mu ligi. Wosamala ndi wosasamala anakumana panja.

Nachisale_ku_Leeds
Sizofanana achimwene. Wina anatsika ali ndi bwalo lake, dzina lake ndi osewera ake. Winayo anachita kuyambira pansi penipeni, masapota atagawikana pawiri kwa zaka zingapo.

Mai_a_Mapasa
Ine mpira wa ku England ndimautsata pang'ono, koma dzina la Rochdale ndinalidziwa chifukwa cha Joe Thompson. Mnyamata ameneyu anadwala khansa mu 2013, anachira, inabweranso mu 2017, anachiranso n'kubwerera pabwalo. Tsiku lomaliza la ligi mu May 2018 timu inkafunika kupambana kuti isatsike. Iye analowa kuchokera pa benchi n'kugoletsa chigoli chokhacho ndi Charlton. Rochdale inapulumuka, Oldham n'kutsika. Ndinali nditangotaya mchemwali wanga ndi matenda omwewo, ndipo nditaona chigoli chimenecho pa foni ndinalira. Khansa inamubwereranso kachitatu, anamwalira mu April 2025 ali ndi zaka 36, kusiya mkazi ndi ana awiri.

Achimwene amene munayambitsa nkhaniyi, bambo wanu uja ngati analipo tsiku limenelo, musamufunsenso chifukwa chake amapita.

Wa_ku_Ndirande
Pepani mayi. Mzimu wa achemwali anu uuse mumtendere.

Mwana_wa_Kopala
Pepani kwambiri amayi.

Kaphiri_Kamodzi
Chaka chomwecho cha 2018 anafanana mphamvu 2-2 ndi Tottenham pa Spotland mu ndime yachisanu ya FA Cup, Steve Davies atabweza chigoli kumapeto kwenikweni. Kubwereza kwake ku Wembley anagonja 6-1. Mu September 2019 anapita ku Old Trafford mu League Cup n'kufanana 1-1, chigoli cha Luke Matheson, mwana wa zaka 16 yemwe m'mawa mwake anapita kusukulu. United inapambana pa mapenate. Patangopita miyezi inayi Matheson anagulitsidwa ku Wolves.

Dzungu_la_Dedza
Ndiye kuchoka pamenepo kufika potuluka mu ligi mu 2023, zaka zinayi zokha. Chinachitika n'chiyani?

Kaphiri_Kamodzi
Zinthu zinagwera pamodzi. Hill anachotsedwa mu March 2019. Covid inatseka mabwalo, ndipo timu yodalira ndalama za pakhomo inasewera pafupifupi chaka chonse popanda oonera. Mu 2021 inatsika ku League Two, ligi yachinayi ija. Chaka chomwecho kampani ina inayamba kugula masheya mwakachetechete kuti itenge timu, masapota kudzera m'bungwe lawo la Dale Trust anakana, poopa zomwe zinachitikira Bury. Anapambana, koma mphamvu ndi ndalama zambiri zinathera m'mikangano ndi kwa maloya m'malo mwa pabwalo. Makochi anasinthasintha, ndipo mu April 2023 timu inatuluka mu Football League. Mu 2024 timu inali pafupi kutsekedwa, mpaka banja la Ogden, lomwe kwawo ndi komweko, linaikamo ndalama n'kuitenga.

Chitsulo_cha_Njanji
Mwaona? Tabwerera pomwe ndinanena. Masapota anakana bwana, mapeto ake apulumutsidwa ndi bwana.

MphunzitsiWopuma
Adakana munthu amene sadamudziwe ndipo sadafotokoze cholinga chake. Adalandira amene adabwera poyera, eni masheya n'kuvomereza. Pali kusiyana. Ndipo musadabwe kuti anthu a tauni imeneyi amaumirira kukhala ndi mawu pa chinthu chawo. Ku Rochdale komweko, pa Toad Lane, ndi komwe anthu 28, ena mwa iwo owomba nsalu, adatsegula sitolo yawo ya kopaletivi mu 1844, ndipo malamulo omwe adalemba ndiwo maziko a makopaletivi a dziko lonse lapansi, kuphatikizapo ma SACCO athu. Munthu mmodzi, voti imodzi. Achimwene a ku Dale, nyumbayo ilipo, ndi malo osungirako mbiri, kaioneni.

Dzungu_la_Dedza
Chondiwawa ine n'chakuti khomo lija silinatseguke lonse mpaka lero. Pakati pa League Two ndi League One amakwera anayi. Koma kuchoka ku National League, ligi yapamwamba ya matimu a kunja, kulowa League Two amakwera awiri okha, mmodzi mwachindunji, wina kudzera mu ma play-off, ndipo wachiwiriyo anangowonjezedwa mu 2003. Mu 2023 Wrexham inapeza mapointi 111, Notts County 107, koma Notts inachita kudutsira mapenate ku Wembley kuti ikwere. Wrexham yomweyo inakhala kunjako zaka 15. Ndi mzimu womwe uja wa 1980, a mkati kutetezana. Dale itatsika inakapeza khomo lomwe linkaiteteza kale tsopano likuitsekera kunja.

Kaphiri_Kamodzi
Matimu a National League akhala akupempha kuti okwera akhale atatu. Koma oti avomereze ndi matimu a EFL, dzina latsopano la Football League, ndipo wa League Two akavomera ndiye kuti wawonjezera mpata woti iye mwini atsike.

Mai_a_Mapasa
Avomere basi. Amene akuopa kutsika akonze timu yake.